Kanjerwa Kobenthuka pa Ngodya

Ku Chang'an, tauni ya mafakitale m'chigawo cha Guangdong, m'misewu ya kuseri ija yonunkha pulasitiki wotentha, aliyense wopanga zikuto za makompyuta ankadziwa lamulo limodzi: chithunzi chobedwa sichikhala choona mpaka a Kuang Weisheng atachiyang'ana. Ankawatcha Diso. Dzinalo iwo ankalikana ndi pakamwa pokha, chifukwa ukawaitana nalo pa msika ankacheuka msanga kuposa ukawatchula dzina lowapatsa makolo.

Malonda amenewa ndi a anthu olimba mtima. Kampani ya kutsidya kwa nyanja ikamakonza kompyuta yatsopano imabisa ngati mimba yoyamba, koma tsiku lomwe katunduyo wafika m'sitolo, wogula amafuna chikuto chake pompo. Wopanga zikuto amene wadikira kuti aione kaye amapeza anzake atadya kale, mbale atatsuka. Ndiye anthu amasaka zithunzi zotuluka mozemba m'mafakitale, n'kusemetsa chikombole chachitsulo kompyutayo asanaikhudze n'komwe. Zithunzi zikakhala zoona, chaka chimenecho ndi chako. Zikakhala zabodza, umatsala ndi mulu wa mapulasitiki osakwana pa chinthu chilichonse pansi pano.

Chodabwitsa n'chakuti diso lomwe linalemeretsa theka la msewuwo silinamunenepetse mwini wake. Fakitale ya a Kuang inali itatsala pang'ono kutseka. Makina ena anagulitsa, antchito anachoka mmodzimmodzi, ndipo mwini nyumba anali atayamba kale kubwera ndi anthu achilendo kudzayeza makoma iwo ali momwemo. Pa shelefu panatsala chitsulo chokwanira chikombole chimodzi chokha. Chimenecho chikalondola, fakitale ipulumuka. Chikaphonya, basi, makiyi abwerere kwa eni ake. A Kuang ankachita mantha, kungoti mantha awo ankatuluka ngati ukali.

M'mawa wina ali ku nyumba ya tiyi, akutsuka kapu ndi timitengo todyera m'tiyi wotentha monga mwa masiku onse, anatulukira Luo Jinbao, mkhalapakati wa zithunzi. Ameneyu ankayamba wacheuka kumbuyo asananene chilichonse, ngakhale nkhani yake ikhale ya mvula.

"Lao Kuang," anatero, kutanthauza mdala Kuang, "sunthani mbalezo. Lero ndabwera ndi nyama yeniyeni."

"Nyama yako yomaliza ija inali thabwa lopaka utoto."

"Aaa, akulu, mudzaiwala liti? Mwana wanga anabadwa pambuyo pa thabwa limenelo, pano akuthamanga."

"Wakugulitsa ndani?"

"Ndiye nkhani yake imeneyo. Sanandigulitse. Nambala yachilendo yangonditumizira, akuti, muyambe mwawaonetsa a Kuang, enawo pambuyo. Ndafunsa mtengo, zii. Ndaimba, foni yozima."

"Zaulere?"

"Zaulere."

"Ndiye ndi zabodza. Thira tiyi."

Luo anathira. A Kuang anagogoda tebulo ndi zala ziwiri pothokoza, koma dzanja linalo linali litatola kale foni ija.

Pa zithunzipo panali chigoba cha kompyuta ya m'manja yomwe dziko lonse linkaiyembekezera, chachitsulo chotuwa, chopanda zam'kati. Chinagonekedwa pa nsalu yobiriwira, ndipo pambali pake, pa chithunzi chilichonse, panali kanjerwa kamodzi kobenthuka pa ngodya, ka mahjong, masewera a pa tebulo a anthu anayi. A Kuang anadzuka. Anasiya mapazi a nkhuku akuzizira m'mbale, zomwe anthu a pa nyumba ya tiyi ija anali asanaonepo, napita ku fakitale.

Kumeneko anasindikiza zithunzizo pa mapepala aakulu, natenga galasi lawo lokuzira zinthu, nawerama. Njira yawo inali yosavuta kuinena. Wabodza amasesa asanajambule: kuwala kwake kumakhala kwabwino, katundu ali pakatikati, fumbi palibe. Woba weniweni amajambula mtima uli m'mwamba. Ndipo zithunzi izi zinali zoipa mosangalatsa. China chinapendekeka, china chinadula ngodya, china chinali ndi kachala m'mphepete. Nsalu yobiriwirayo inali ndi kabowo kopsa ndi fodya, kooneka ngati njere ya nyemba, ndipo a Kuang anakayang'ana nthawi yaitali mokhutira, chifukwa palibe wabodza amene angayale katundu wake pa nsalu yopsa.

Koma chimene chinawamaliza chinali china. Pa msana pa chigobacho wina anazunguliza ndi pensulo yofiira, ndipo m'kati mwa mzerewo munali kachipsera kakang'ono koti maso a munthu wamba sangakaone. Chigoba ichi chinakanidwa ndi oyang'anira katundu. Ndi fakitale yeniyeni yokha imene imataya chitsulo chabwinobwino chifukwa cha kachipsera kotere. A Kuang anaweramuka, msana ukulira, nauza khoma kuti, "Zoona izi."

Chinatsala n'kukula kwake. Wojambulayo anali ndi nzeru, anaika kanjerwa pambali kuti woona athe kuyerekeza. A Kuang anawoloka msewu, nakabwereka kanjerwa kwa madala omwe amasewera pansi pa mtengo tsiku lonse, anzawo obadwira konkuno ku Guangdong, nakapana ndi choyezera chawo. Atawerengetsa anakhala pansi. Kompyutayo inali yaing'ono kuposa m'mene mphekesera zonse zinkanenera.

Anakamuuza Pang, mmisiri wosema zikombole, yemwe anagwira naye ntchito kuyambira onse ali ndi tsitsi.

"Lao Kuang, ine sindikutsutsa," anatero Pang, akukanda m'khutu ndi pensulo. "Koma pa muyeso wanuwu, mabowo a m'mbaliwa pulagi yake ndi iti? Palibe pulagi yolowa apa."

"Asintha mapulagi."

"Asinthanso?"

"Iwe, unayamba waona chaka chomwe anthu amenewa sanasinthe pulagi? Amafuna ugule chingwe china. Ndiye bizinesi yawo."

Pang anaganiza za kabati yake yodzaza zingwe zosalowa paliponse, navomera kuti pamenepo palibe bodza.

Apa ndi pomwe a Kuang anachenjera. Luo atayamba kuyendetsa zithunzizo mu msewu, opanga zikuto anzawo anabwera mmodzimmodzi, wina ndi paketi ya ndudu, wina ndi tiyi wodula, kudzafunsa funso limodzi. Onse anawayankha zoona, kuti zithunzizo n'zenizeni, chifukwa Diso silinkanama pa ntchito yake. Koma za kuchepa kwa kompyuta sanauze ndi mmodzi yemwe mwa iwo. Chinsinsi chimenecho anachisungira chitsulo chawo chomaliza, ndipo m'mtima ankawaseka anzawowo ndi chifundo.

Kunyumba kokha ndi komwe pakamwa panawayabwa. Akazi awo, a Tang Suyun, anachokera ku Sichuan, chigawo chakutali, ali mtsikana kudzagwira ntchito yosoka zidole, ndipo pa zaka zoposa makumi atatu za ukwati m'nyumbamo munkaphikidwa miphika iwiri, wina wofiira ndi tsabola, wina wotuwa wa bambo. Masana a Loweruka a Suyun ankasonkhanitsa amayi akwawo kudzasewera mahjong pa balaza. A Kuang akangomva mawu awo pa masitepe ankavala nsapato. Ankati amayi a ku Sichuan amalankhula ngati nyumba ikupsa, ndipo mahjong awo ndi a anthu opanda ulemu. Pa tebulo limenelo anali asanakhalepo chikwatire.

Tsiku limenelo pa chakudya anadzitama, maso ali pa foni.

"Wojambulayo ndi munthu wa mutu. Anaika kanjerwa pambali. Ndakabwereka kwa madala a pansi pa mtengo, ndayeza, ndapeza chimene msewu wonse sukudziwa. Kompyuta yake ndi kakang'ono."

A Suyun anasiya kutafuna.

"Mwayezera ka madala a pansi pa mtengo?"

"Nanga ndikanayezera ka ndani?"

"Tinjerwa sitifanana, mdala. Takwathu ndi tatikulu."

"Kwanu chilichonse n'chachikulu, ndi pakamwa pomwe."

M'mawa mwake anapeza kanjerwa pambali pa mbale yawo ya phala la mpunga, nkhope yake ili pansi. A Suyun anaima pa khomo la khitchini akupukuta manja omwe anali ouma kale.

"Yezerani aka. Ndapota nanu, musayezere kena. Aka."

"Chabwino, chabwino," anatero a Kuang, akuwerenga uthenga wa Pang. Anakatola osakayang'ana, nakaponya m'thumba, monga ankachitira ndi mankhwala a chifuwa, maambulera ndi zinthu zonse zomwe akazi awo ankawapatsa pa khomo.

Ku fakitale tebulo lojambulira linkagwedezeka, chifukwa makina omwe ankalitsamira anali atagulitsidwa. Mzere unakhota kawiri. A Kuang anatukwana, napisa m'thumba kufuna pepala lopinda, nakhudza kanthu kolimba. Anakalowetsa pansi pa mwendo wa tebulo, tebulo n'kuima nji. Aka kanali koyamba pa zaka zambiri kuti chinthu chochokera ku Sichuan chiwasangalatse.

Atabwerako madzulo a Suyun anafunsa asanavule n'komwe nsapato.

"Munakayeza?"

"Ee, ee."

"Zoona?"

"Ndati ee, mayi. Pali chakudya?"

A Suyun anapumira m'mwamba, ndipo tsiku limenelo anaphika nsomba ya nthunzi yopanda tsabola ngakhale mmodzi, nadya nawo m'mbale yomweyo. A Kuang anaganiza kuti mwina tsabola wakwera mtengo.

Pang anasema chikombole. Makina otsala aja analira usana wonse kwa masabata, zikuto zikugwa m'dengu, zoyera, zakuda, zapinki, zosalala bwino zedi. Makatoni anafika kudenga. Mwini nyumba atabwera ndi oyeza makoma anasowa khoma loyeza, ndipo a Kuang anamupatsa ndudu mokoma mtima ngati wolemera.

Kompyuta ija itafika m'masitolo, a Kuang anavala shati yoyera, naika chikuto chimodzi m'chikwama, nakwera basi ya ku mzinda wa Shenzhen. M'sitolomo munali anthu ngati pa maliro a munthu wotchuka. Anadikira mpaka anafika pa tebulo, natembenuza kompyuta yoonetsera ija. Zonse zinali m'malo mwake: zomangira, ngodya, mizere ya mpweya, mabowo a m'mbali. Zithunzi zija zinali zoona mpaka kadontho komaliza. Anatulutsa chikuto chawo, nachiika pamwamba.

Chinakhala pakati ngati chipewa cha khanda pa mutu wa munthu wamkulu. Mbali zonse zinayi kompyuta inasuzumira kunja.

Anachitembenuza, ngati kuti kutembenuza kungachikulitse. Mtsikana wogulitsa anafika ndi kumwetulira kwa pa ntchito.

"Amalume, chimenecho ndi cha mtundu wina. Za iyi zili uko, zafika kale zambiri."

Zinalidi zambiri, khoma lonse, ndipo mayina a pa mapaketi ankawadziwa onse. Anali anzawo a mu msewu aja. Iwo, posakhala Diso, sanavutike ndi kanjerwa. Anangoyerekeza ndi mabowo a pulagi monga anthu wamba, poganiza kuti pulagi ndi yomwe ija, ndipo inalidi yomwe ija. Foni inayamba kunjenjemera m'thumba. Anali mauthenga othokoza. Wina analemba kuti Diso silikalamba, wina anawaitanira ku phwando la nkhanu. A Kuang anabweza chikuto m'chikwama, nathokoza mtsikanayo, natuluka moyenda bwinobwino. Anakwera basi yobwerera kwawo.

Linali Loweruka, ndipo anafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba. Phokoso la amayi a ku Sichuan analimvera pa masitepe, koma ulendo uno analibe kopita. Analowa. Amayi awiri achilendo anadzidzimuka ngati walowa ndi wapolisi. Anali atatu okha pa tebulo pamodzi ndi a Suyun, mpando wachinayi uli wopanda munthu, ndipo pakati pa tinjerwa panali kachidutswa ka sopo kosemedwa bwino, kolembedwa ndi cholembera.

"Pepani, alamu," anatero mmodzi, mayi wonenepa wa magalasi. "Tikusewera ndi sopo. Kanjerwa kathu kena kanapita kokayenda, eni ake akuti kabwera. Manja athu pano ndi oyera kuposa a dokotala."

A Kuang sanaseke. Ankayang'ana nsalu ya pa tebulo. Inali yobiriwira. Pafupi ndi chigongono cha akazi awo panali kabowo kopsa ndi fodya, kooneka ngati njere ya nyemba. Kabowo kameneka anakayang'ana ndi galasi lokuzira zinthu mpaka khosi kuwawa. Ndipo tsopano anakumbuka kuti anakaotcha ndi iwo omwe, kalekale, tsiku lomwe anadutsa pa balaza ndudu ili kukamwa akudandaula za phokoso.

A Suyun anawayang'ana nkhope, nayang'ana chikwama, nadzuka. Anawakokera ku khitchini n'kutseka chitseko.

"Chakwana?"

A Kuang anatulutsa chikuto, nachiika pa thabwa lodulira nyama. A Suyun anali atachigwirapo chigoba chenicheni ndi manja awo, ndiye sanafunikire choyezera. Anangotambasula chikhatho pamwamba pake, nachichotsa.

"Munati munakayeza."

"Ndinati ee."

"Kali kuti?"

"Pansi pa mwendo wa tebulo. Linkagwedezeka."

A Suyun anakhala pa kampando ka pulasitiki. Sanakuwe, ngakhale a Kuang akanakonda akanakuwa.

"Chigoba chija anatulutsa ndi Deng Qiong, amene amakhala pa mpando wopanda munthuwo. Amapukuta zitsulo ku fakitale yopanga makompyutawo. Ndinamupempha ndine. Anachitola pa mulu wa zokanidwa, anachibweretsa pano, ndinajambula ndekha mofulumira, m'mawa mwake anachibweza. Chichokereni tsiku limenelo sanagonenso tulo. Wasiya ntchito, wabwerera kumudzi ndi mantha. Mnzanga wa zaka zonsezi."

"Bwanji osandiuza?"

"Inu? Ndikuuzeni m'mawa, pofika masana nyumba ya tiyi yonse yamva, pofika madzulo Qiong ali m'manja mwa apolisi. Ndinamulumbirira kuti pakamwa panga sipatuluka dzina lake. Ndiye ndinati, palibe vuto, amuna anga ndi Diso. Ndiika nsalu yanga, ndiika kanjerwa ka bokosi lomwe bambo anga anandipatsa pobwera kuno, kobenthuka komwe kaja. Akangoona adziwa, akhala chete, atsegula kabati, ayeza. Ndinkaopa kuti mwina ndaonetsa zambiri."

A Kuang anayang'ana chikuto chija pa thabwa.

"Kachala kaja munakaona?" anafunsa a Suyun.

"Ndinakaona."

"Munati n'ka ndani?"

"Ndinati n'ka munthu wamantha."

"Pamenepo munalondola."

Manyazi omwe anawagwira a Kuang anali oposa a m'sitolo muja. Fakitale inali itapita, zimenezo anazidziwira m'basi. Koma apa anaona kuti mkazi uyu anataya mnzake wapamtima pofuna kuwapulumutsa, nawaikira yankho pambali pa mbale ya phala, iwo n'kuliponda ndi tebulo. Anafuna kupepesa, koma pa zaka zonsezo anali asanaphunzire kuti amayambira pati.

Makiyi anabweza sabata yotsatira. Zikuto anatenga ndi munthu wogaya mapulasitiki, yemwe anayamikira kuti n'zosalala. Pang anabwera kudzathandiza kunyamula, osatchula za pulagi ngakhale kamodzi, ndipo chifukwa cha chimenecho a Kuang anamupatsa galasi lawo lokuzira zinthu. Katundu wina yense atatuluka, a Kuang anagwada, nanyamula mwendo wa tebulo, nasolola kanjerwa kaja. Anakapukuta ndi shati. Ngodya yake inali yobenthuka monga pa chithunzi. Choyezera chinali m'thumba, koma sanachitulutse.

Loweruka linalo amayi aja atafika, anapeza a Kuang ali pa balaza, nsapato atavula. Anaika kanjerwa pakati pa nsalu yobiriwira. Mayi wa magalasi anachotsa sopo uja, nakamuika ku bafa komwe kunali kwawo. A Suyun anasakaniza tinjerwa ndi manja onse awiri, phokoso lake ngati matalala pa malata, kenaka analoza ndi chibwano mpando wa Qiong.

"Khalani apo, mdala. Tikuperewera mmodzi, ndipo nthawi muli nayo tsopano."

A Kuang anakhala. Anatola kanjerwa koyamba, nakagwira m'chikhatho kanthawi. Kanali kakakulu ndithu.